N'chifukwa chiyani Ferrari yopanda denga ndi yolemera komanso yodula kuposa yadenga?

Funso: Ine ntchito yanga ndi yowongola ndi kuwotcherera magalimoto. Tsiku lina ndinaonera kanema wa Ferrari 458 Spider, denga lake likudzipinda lokha n'kukabisala kumbuyo kwa mipando. Nditafufuza ndinapeza kuti galimotoyi ndi yodula kuposa inzake yadenga, ndiponso akuti ndi yolemera kuiposa. Zikutheka bwanji, poti chitsulo achita kuchotsa? Ndikufunsa chonchi chifukwa kasitomala wina akufuna ndimudulire denga la galimoto yake kuti azinyamulira akwati.

Yankho: Bambo, funso lanu ndi la munthu amene manja ake amachidziwa chitsulo, choncho ndilowa nanu m'kati mwenimweni mwa nkhaniyi. Pa galimoto yamakono, denga limagwira ntchito yaikulu kuposa kutchinga dzuwa ndi mvula. Denga ndi mbali ya chimango. Ndilo limamanga kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto kuti zikhale chinthu chimodzi, ndipo mukalichotsa mumakhala ndi ngongole ya mphamvu imene iyenera kubwezedwa penapake. Makilogalamu owonjezerawo, ngakhalenso gawo lalikulu la mtengo wowonjezerawo, ndiko kubweza ngongoleyo.

Tengani katoni ya nsapato yotseka bwino, muigwire mbali zonse ziwiri n'kuyesa kuipotokola ngati mukufinya chovala. Ikana. Chotsani chivindikiro muyesenso, muona ikupotoka mosavuta, chonsecho makoma ake ndi omwe aja. Galimoto imakumana ndi kupotokola kotereku mphindi iliyonse ili pamsewu. Tayala lakumanja likakwera pa kachitunda lakumanzere lili pansi, bodi yonse imafuna kupotoka. Pokhota mothamanga ndi chimodzimodzi. Mainjiniya amayeza zimenezi pomangirira galimoto kumbuyo pa chitsulo cholimba, kenako n'kumaipotokola kutsogolo ndi makina, kuti aone mphamvu imene ikufunika kuti ipotoke digiri imodzi. Nambala imeneyi ndiyo imawasowetsa tulo anthu opanga galimoto yopanda denga.

Mwina mungafunse kuti kupotoka pang'ono kuli ndi vuto lanji. Vuto lili pa masipiring'i ndi ma shock absorber. Amene amawatchera amawerengera kuti mbali imene amangiriridwako, yomwe ndi bodi, siigwedera, ndiye kudumpha konse kwa msewu kukuthera mwa iwo. Bodi ikayamba kupindika nayo, imasanduka sipiring'i yachisanu imene palibe akuilamulira. Tayala limasiya kuponda pansi mmene analikonzera, chiwongolero chimachedwa kuyankha, ndipo pa msewu wa mabampu mumaona galasi lakutsogolo ndi kalilole woonera kumbuyo zikunjenjemera. Pa galimoto yoyenda pang'onopang'ono zimangotopetsa. Pa galimoto imene imafika makilomita 320 pa ola, monga 458 Spider, zikhoza kutengetsa moyo.

Tsopano tibwere pa galimoto imene munaionayo. Ferrari 458 Italia, yadenga, inatuluka mu 2009. Spider inaonetsedwa pa chionetsero cha magalimoto cha ku Frankfurt mu 2011. Malinga ndi manambala a Ferrari, Italia imalemera makilogalamu 1,380 ikakhala yopanda mafuta ndi madzi, pamene Spider imalemera 1,430. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 50, thumba limodzi la simenti. Gawo lina la kulemeraku ndi makina opinda denga. Gawo lina linapita pansi, makamaka m'mipanda iwiri imene imadutsa kunsi kwa zitseko, imene mumaidumpha polowa m'galimoto. Denga likachoka, mipanda imeneyi pamodzi ndi pansi pa galimoto ndi khoma la kumbuyo kwa mipando ndizo zimatsala zikulumikiza theka lakutsogolo ndi theka lakumbuyo. Ndiye amazikulitsa ndi kuzinenepetsa. Komabe mpanda wapansi sungafanane ndi denga pa ntchito imeneyi, chifukwa denga lili patali ndi pansi, ndipo mtunda umenewo ndiwo umalipatsa mphamvu. Inu mukudziwa kuti paipi yaikulu yopyapyala imakana kupindika kuposa ndodo yaing'ono yolemera mofanana nayo. Galimoto yadenga ili ngati paipi yaikulu ija. Yopanda denga ili ngati ngalande, ndipo kuti ngalande ilimbe mofanana ndi paipi pamafunika chitsulo chochuluka.

Chimango cha 458 ndi cha aluminiyamu, ndipo chinkapangidwa ku fakitale ya Scaglietti mumzinda wa Modena, makilomita ochepa kuchokera ku Maranello kumene kuli likulu la Ferrari. Aluminiyamu ndi wopepuka pafupifupi katatu poyerekeza ndi chitsulo wamba, koma amapindikanso mosavuta pafupifupi katatu. Phindu lake limabwera pokhapokha wopanga akamuumba m'mapaipi otakata okhala ndi timakoma m'kati, ndi zolumikizira zochita kuumba pa chikombole. Pali chinanso chimene mwina munakumana nacho kale ku ntchito kwanu. Aluminiyamu wolimbitsidwa ndi moto amafooka pamalo pamene mwawotcherera, moti mzere wowotchererawo ukhoza kuoneka bwino koma pambali pake pali pofewa. N'chifukwa chake opanga magalimoto a aluminiyamu amasakaniza kuwotcherera, ma rivet ndi guluu wamphamvu, ndipo malo a mzere uliwonse amawasankha pa kompyuta galimoto isanapangidwe n'komwe.

Nkhani ya Scaglietti ndikufuna ndiimepo pang'ono, chifukwa amene anayambitsa fakitaleyo, Sergio Scaglietti, anali mnzanu wa ntchito. Anayamba ngati wowongola magalimoto, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ankaumba mabodi a Ferrari ndi nyundo, kuchokera ku mapepala a aluminiyamu. Masiku amenewo kupanga galimoto yopanda denga kunali kosavuta, chifukwa mphamvu yonse inali mu chimango cha mapaipi achitsulo chimene chinali pansi, ndipo bodi inali ngati chovala chongovekapo. Ferrari yoyamba, 125 S ya mu 1947, inalibe denga. 166 MM ya mu 1948, imene anaipatsa dzina loti barchetta, kutanthauza kabwato, inalibenso denga, ndipo inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans mu 1949. Ferrari yoyamba imene kampani ya Pinin Farina inaiveka bodi, 212 Inter ya mu 1952, inali ya denga lansalu. Kenako kunabwera 250 GT California Spyder, imene anaipanga atapemphedwa ndi ogulitsa magalimoto a ku America, John von Neumann ndi Luigi Chinetti, amene ankadziwa kuti makasitomala a ku California amafuna kuyenda padzuwa. Bodi yake anaiumba ndi Scaglietti. Dzina loti spider, lomwe ndi kangaude, linachokera ku ngolo zopepuka zokokedwa ndi mahatchi za m'zaka za m'ma 1800, zimene magudumu ake aatali owonda ankaoneka ngati miyendo ya kangaude. Zinthu zinasintha pamene bodi ndi chimango zinakhala chinthu chimodzi. Kuyambira pamenepo denga linayamba kusenza katundu.

Vuto lachiwiri la 458 Spider linali loti dengalo likapindidwa likagone kuti. Galimoto imene injini yake ili kutsogolo imabisa denga mu buti, monga inkachitira Ferrari California ya mu 2008. Koma 458 injini yake ili kumbuyo kwenikweni kwa mipando, pamalo omwewo pamene denga likanafuna kugona, ndipo ndi malo otentha. Ferrari zam'mbuyo za mtundu umenewu, 360 Spider ya mu 2000 ndi F430 Spider ya mu 2005, zinali ndi denga lansalu chifukwa nsalu imakwinyika n'kulowa pamalo ochepa. Anthu ambiri ankaganiza kuti denga lolimba silingatheke pa galimoto yotere, poti madenga olimba a nthawiyo anali olemera ndipo ankadya buti yonse.

Njira imene anapeza imandisangalatsa mpaka lero chifukwa cha kuphweka kwake. Mu 2005 Ferrari inapanga magalimoto ochepa otchedwa Superamerica, okhala ndi denga lagalasi la Leonardo Fioravanti limene linkatembenuka chagada n'kukagona pamwamba pa buti. Denga la 458 Spider limatsata nzeru yofananayo. Ndi la aluminiyamu, lili ndi zigawo ziwiri, ndipo m'malo modzipinda kangapo limatembenuka n'kukagona chagada pansi pa chivindikiro chakumbuyo, pamwamba pa mbali yakutsogolo ya injini. Zonsezi zimatenga masekondi 14. Ferrari inanena kuti denga limeneli ndi lopepuka ndi makilogalamu 25 kuposa lansalu, ndipo limadya malo okwana malita 100 okha, moti kumbuyo kwa mipando kunatsalabe kabenchi koikapo zikwama. Mwina mudabwa kuti aluminiyamu apepuke kuposa nsalu. Nsaluyo payokha ndi yopepuka ndithu, koma imafuna nthiti zachitsulo zoikunga, mahinji ambiri ndi mikono yozikoka, ndipo kulemera kumakhala mmenemo. 458 Spider inali galimoto yoyamba ya injini yapakati kukhala ndi denga lolimba lodzipinda motere.

Dziwani kuti dengali, ngakhale ndi lolimba, likatsekedwa silibweza mphamvu ya denga lowotcherera. Limangogwiridwa ndi mahinji ndi maloko, choncho mainjiniya saliwerengera ngati mbali ya chimango. Galimoto iyenera kulimba payokha ngati kuti dengalo kulibe.

Panali zimene anataya. Pa 458 Italia, ngakhalenso pa F430 Spider, injini imaoneka kudzera pa galasi, ndi mitu yake yofiira ija. Pa 458 Spider galasilo linachoka chifukwa malowo anatenga ndi denga. Ine ndimaona kuti pamenepa anataya chinthu chamtengo, chifukwa injini imeneyo ndi yoyenera kuonedwa. Mabowo olowetsera mpweya ku injini, amene pa Italia ali kumbuyo kwa mawindo a m'mbali, anawasamutsira kumbuyo pa chivindikiro, ndipo zimenezi zinatanthauza kukonzanso njira yonse ya mpweya ndi kuyezanso mmene kutentha kukutulukira. Okonza maonekedwe a ku Pininfarina anayenera kujambulanso msana wonse wa galimoto, n'kuika zitunda ziwiri zotsetsereka kumbuyo kwa mitu ya okwera. Zitunda zimenezi zimakongoletsa, komanso zimalondolera mphepo kumabowo aja. Kuchokera pa mipando kupita kumbuyo, Spider ndi galimoto ina ndithu, ngakhale kutsogolo ikufanana ndi Italia.

Mphepo nayo ili ndi nkhani yake. Munthu amaganiza kuti m'galimoto yopanda denga mphepo imakuomba kumaso, koma zimene zimachitika n'zosiyana. Mpweya ukadumpha galasi lakutsogolo umasiya malo opanda kanthu pamwamba pa mipando, ndiye umazungulira n'kubwerera kuchokera kumbuyo, kumakuomba m'khosi ndi kukankhira tsitsi kutsogolo. Pa 458 Spider anaika kagalasi pakati pa zitunda ziwiri zija, kokwera ndi kutsika ndi magetsi, kuti kazidula mphepo yobwererayo. Ferrari inanena kuti anthu awiri akhoza kucheza bwinobwino galimoto ikuthamanga kupitirira makilomita 200 pa ola. Zinthu zotere amaziyeza m'nyumba yopemerera mphepo, ndipo ya ku Maranello inajambulidwa ndi katswiri wa zomangamanga Renzo Piano. Akatero amakaziyesanso pa msewu wawo woyeserera wa Fiorano, umene unatsegulidwa mu 1972.

Kagalasi kameneka kamatsikanso denga lili chitsekere, ndipo chifukwa chake ndi chimodzi: kuti mumve injini. Apa ndi pamene pali yankho la funso limene simunafunse, loti munthu amagulanji galimoto yolemera ndi yodula pamene yopepuka ilipo. Injini ya 458 ndi V8, kutanthauza ya masilinda asanu ndi atatu, ya malita 4.5 yopanda turbo, yotulutsa mphamvu ya mahatchi 570 ikamazungulira ka 9,000 pa mphindi. Kumeneko ndi kuzungulira ka 150 pa sekondi imodzi, ndipo poti masilinda anayi amaphulika pa kuzungulira kulikonse, khutu lanu limalandira kuphulika 600 pa sekondi. Crankshaft yake, chitsulo cha m'kati mwa injini chimene mapisitoni amazunguza, ndi yafulati, imene imachititsa kuti mbali ziwiri za injini ziziphulika mosinthana bwinobwino, n'chifukwa chake imalira mokweza ndi mosalala, mosiyana ndi kugunda kwa ma V8 a ku America. Pa Spider anatcheranso kaliridwe ka injini, kayankhidwe ka pedulo ya moto ndi ma shock absorber, kuti zigwirizane ndi munthu woyenda denga lili chitsegulire. Ma shock absorber amenewa ali ndi mafuta osakaniza ndi tizitsulo tosaoneka ndi maso, ndipo maginito a magetsi amawalimbitsa kapena kuwafewetsa m'kanthawi kochepa kwambiri. Zimenezi zimathandiza kubisa kufooka kumene kwatsala mu chimango, chifukwa bampu likamezedwa bwino silifika pogwedeza bodi.

Palinso ngozi ya kugubuduzika. Galimoto yadenga ikagwa chagada, nsanamira zisanu ndi imodzi kapena zinayi zimagawana kulemera kwake. Yopanda denga imadalira nsanamira ziwiri za galasi lakutsogolo ndi chimene chili kumbuyo kwa mitu ya okwera. Nsanamira zakutsogolozo amazilimbitsa kwambiri m'kati. Kumbuyo, magalimoto ena amakhala ndi zitsulo zokhazikika, pamene ena amabisa zitsulo zimene zimatumphuka zokha kompyuta ikazindikira kuti galimoto ikupendekeka mopitirira muyezo. Mzere wochokera pamwamba pa galasi kufika pa zitsulo zakumbuyozo uyenera kudutsa pamwamba pa mutu wa munthu womanga lamba. Zonsezi amaziyesa pophwanya magalimoto enieni, ndipo galimoto iliyonse yophwanyidwa imalowa mu mtengo wa zimene zigulitsidwe.

Mtengowo tsopano mukutha kuuona kumene ukuchokera. Pali zigawo za bodi zatsopano ndi zikombole zake, makina a denga, zomatira za mphira zimene ziyenera kutseka madzi ndi phokoso pambuyo potsegula ndi kutseka kambirimbiri m'nyengo yozizira ndi yotentha, ndi mayeso onse amene ayenera kubwerezedwa. Ndalama zimenezi zimagawidwa pa magalimoto ochepa. Sindikubisirani kuti mbali ina ya mtengo ndi yoti ogula amalolera kulipira, ndipo kampani imadziwa zimenezo. Koma ntchito imene yagwiridwa ndi yeniyeni.

Zaka zotsatira zikuonetsa kuti nkhondo yolimbana ndi kupotoka sinathere pa 458. Mu 2015 kunabwera 488 Spider, yojambulidwa ndi gulu la Ferrari lomwe motsogozedwa ndi Flavio Manzoni, ya injini ya malita 3.9 ya ma turbo awiri ndi mahatchi 670. Ferrari inanena kuti chimango chake, chopangidwa ndi mitundu 11 ya aluminiyamu, ndi cholimba ndi 23 peresenti kuposa cha 458 Spider, ndipo chikufanana ndi cha yadenga. Pa 296 GTS ya mu 2022 anapeza njira yobwezeretsa kawindo koonera injini. Kampani ina ya ku Italy, Maserati, inadzera njira ina pa MC20 Cielo ya mu 2022. Okwera amakhala m'chinthu chonga bafa chopangidwa ndi nsalu za kaboni (carbon fibre) zoumitsidwa ndi guluu, chimene anachikonza mothandizana ndi kampani ya Dallara, ndipo kuyambira pachiyambi anachiganizira kuti chidzagwira ntchito ndi denga kapena popanda denga, pongosintha kayalidwe ka nsalu za kabonizo. Ngakhale zili choncho, Cielo imalemerabe makilogalamu 65 kuposa MC20 yadenga. Ndipo mu 2023 Ferrari inabwerera ku nsalu pa Roma Spider, imene injini yake ili kutsogolo. Denga lake ndi la nsalu zisanu zosanjikiza, limatseguka m'masekondi 13.5 galimoto ikuyenda mpaka makilomita 60 pa ola, ndipo limasiya malo ambiri mu buti. Ine ndimaona kuti pa galimoto yamtundu umenewo anasankha bwino, chifukwa denga lansalu limalola msana wa galimoto kukhala wotsika ndi wowonda, pamene lolimba limaunenepetsa.

Tsono za kasitomala wanu. Ngati galimoto yakeyo ndi saluni wamba, bodi yake ndi chimango chake ndi chinthu chimodzi, ndipo ili ndi zitseko zinayi, zimene zikuipitsa zinthu. Nsanamira yapakati, imene pamakhala loko wa chitseko chakutsogolo, mahinji a chakumbuyo ndi pomangirira lamba, imagwiridwa pamwamba ndi denga. Mukadula denga imatsala itaima yokha ngati mzati wosakumbira. Mudzaona zotsatira zake tsiku lomwelo: ikani jeke pansi pa ngodya imodzi, mukweze, muyese kutsegula ndi kutseka zitseko. Zidzayamba kukulana, ndipo m'kupita kwa miyezi pansi padzayamba kung'aluka pafupi ndi mizere yowotcherera. Mukhoza kuwotcherera mapaipi kunsi kwa zitseko ndi mtanda pansi, ndipo galimotoyo idzayenda, koma simudzakhala ndi njira yodziwira ngati nsanamira za galasi zingasenze galimoto itagwa chagada, kapena ngati lamba angagwire munthu pa ngozi. Pa ukwati anthu amakhala ataimirira kapena atakhala pamwamba pa mipando, msewu uli wodzaza. Komanso galimoto yosinthidwa chimango imafunika kukaunikidwanso ndi a zamsewu, ndipo a inshuwalansi akhoza kukana kulipira ngati sanauzidwe.

Ine ndikanakhala inu, Bambo, ntchito imeneyi ndikanaikana, n'kumulangiza kasitomalayo kuti asake galimoto imene inatuluka ku fakitale ili kale yopanda denga. Zilipo zakale za ku Japan ndi ku Germany za mipando inayi zimene mtengo wake ndi wofikirika. Akaipeza, inu ndi amene mungamuthandize kuiunika. Yang'anani dzimbiri m'mipanda ya kunsi kwa zitseko, chifukwa pa galimoto yotere ndi mmene muli msana wake, ndipo madzi amakonda kukhalamo timabowo totulutsira madzi a padenga tikatsekeka. Tsegulani ndi kutseka denga katatu kapena kanayi motsatizana muli kumvetsera ngati mota ikulemedwa, kenako muithire madzi ndi paipi kwa mphindi zingapo n'kugwira kapeti ya pansi pa mipando.